Nkhomaliro ya khobidi limodzi: kuunika malo odyera otchipa a ku Tokyo pakati pa sabata

Ku Tokyo nkhomaliro ya munthu wa pa ntchito ndi ola limodzi, kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko, ndipo maofesi ambiri amamasula anthu awo nthawi yofanana. Ikamati 12:10 zikepe zatsitsa anthu m'nyumba zosanja zonse, ndipo pakhomo pa malo odyera aliwonse abwino pali kale mzere. Malo amene tikuwaunika pano, a gyudon (mpunga wa nyama ya ng'ombe), a udon ndi soba (mitundu ya ma noodles), komanso a teishoku (thireyi ya mpunga, ndiwo ndi supu), anapangidwira ola limeneli. Amatchipa chifukwa cha liwiro, poti mpando umodzi umadyetsa anthu angapo ola lisanathe. Chakudya chakenso anachikonzera kudyedwa pompopompo. Chikakhala mphindi khumi pa thireyi chimasintha, moti zambiri zimene anthu amadandaula nazo m'malo amenewa zimayamba ndi kuitanitsa molakwika kapena kuchedwa kudya.

Eni ake ali ndi mawu oti wan koin ranchi, nkhomaliro ya khobidi limodzi, kunena khobidi la ma yen 500. Masiku ano khobidi limeneli likuchepa mphamvu, makamaka mpunga utakwera mtengo kwambiri mu 2024 ndi 2025. Lingakugulireni mbale imodzi ya gyudon ya saizi wamba kapena udon yopanda zowonjezera, basi. Mukafuna thireyi yodzaza, ya mpunga, ndiwo ndi supu, konzani ma yen pafupifupi 1,000. Madzi ozizira kapena tiyi salipiritsa, ndipo kupatsa wogwira ntchito kangachepe kothokoza kulibe. Mukasiya chenji patebulo akhoza kukuthamangirani nacho mpaka panja poganiza kuti mwaiwala. Kuyambira mu October 2019 msonkho ndi 10 peresenti mukadyera pomwepo ndi 8 peresenti mukanyamula, n'chifukwa chake m'malo ena mbale yomweyo imakhala ndi mitengo iwiri.

Chopunthwitsa choyamba chili pakhomo penipeni. M'malo ambiri simuyamba ndi kukhala pansi, mumayamba ndi makina a matikiti. Makina akale a mabatani amafuna ndalama kaye: lowetsani ndalama, mabatani amene ndalamayo ikukwanira ayaka, dinani chimene mukufuna, tengani katikiti kamene kagwa m'munsi, kenako dinani batani kapena kokani kachitsulo ka chenji. Apa ndi pamene alendo ambiri amasiya ndalama zawo, chifukwa makina ena sabweza chenji okha. Makina atsopano odina pagalasi amayamba ndi kufunsa ngati mudyera pomwepo kapena munyamula, ndipo ambiri ali ndi batani la Chingerezi komanso amalandira makadi a sitima a Suica ndi Pasmo. Makina akale ena amalavula khobidi latsopano la ma yen 500 limene linatuluka mu 2021 ndi ndalama zapepala zatsopano za mu July 2024, ndipo ambiri salandira pepala la ma yen 10,000. Sungani mapepala awiri kapena atatu a ma yen 1,000. Ndipo sankhani chakudya muli pamzere, poyang'ana zithunzi za pakhoma. Munthu woima pamakina n'kumadodoma pa 12:15 palibe amene angamukalipire, koma kumbuyo kwake anthu amayang'ana pa wotchi.

Gyudon ndiyo mfumu ya ola limeneli. Ndi nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala ngati pepala, yowiritsa ndi anyezi mu msuzi wa soya wotchedwa shoyu, wothira shuga ndi vinyo pang'ono, n'kuithira pamwamba pa mpunga m'bakuli. Makampani akuluakulu ndi atatu: Yoshinoya, Sukiya ndi Matsuya. Yoshinoya ndiyo yakale, inayamba mu 1899 pa msika wa nsomba wa Nihonbashi, n'kusamukira ku Tsukiji chitachitika chivomezi cha 1923. Makasitomala ake oyamba anali anthu a pamsika osafuna kutaya mphindi, ndipo mpaka lero mbale imafika pa kauntala musanamalize kumwa madzi.

Chinsinsi cha gyudon ndi mafuta. Nyama yake ndi ya kumimba kwa ng'ombe, ya mizere yofiira ndi yoyera, ndipo mafutawo akasungunukira mu msuzi ndi amene amafewetsa nyama ndi kukometsa mpunga. Dziko la Japan litaletsa nyama ya ku America kumapeto kwa 2003 chifukwa cha matenda a misala a ng'ombe, Yoshinoya inasiya kugulitsa gyudon m'nthambi zake pafupifupi zonse mu February 2004 m'malo mogwiritsa ntchito nyama ya ng'ombe ya kwina, ndipo inayambiranso pang'onopang'ono mu 2006. Kuuma mutu kumeneko kumamveka m'mbale. Mwa atatuwa, msuzi wa Yoshinoya ndi wopepuka ndiponso wosatsekemera kwambiri, ndipo nyama ndiyo imamveka patsogolo. Sukiya, imene inayamba ku Yokohama mu 1982 ndipo ili ndi nthambi zambiri kuposa anzakewo, msuzi wake umatsekemera, ndipo mphamvu zake zili pa zothira pamwamba: tchizi wa mitundu itatu, kimchi (kabichi wa tsabola wa ku Korea), kapena anyezi wamasamba ndi dzira. Ilinso ndi matebulo ambiri, choncho ndi yabwino mukakhala atatu kapena anayi. Matsuya mbale yake imaitcha gyumeshi, ndipo mukadyera pomwepo imabwera ndi supu ya miso (phala lamchere la soya) yosalipiritsa. Mukawerengera supuyo, khobidi lanu limafika patali ku Matsuya.

Saizi wamba ndi namimori, yokulirapo ndi omori, yaikulu kwambiri ndi tokumori. Ku Yoshinoya kulinso atama no omori, kumene amangowonjezera nyama mpunga osaukweza, ndipo kwa munthu amene abwerera kukakhala pa desiki imeneyi ndi yanzeru kuposa omori, chifukwa chimene chimabweretsa tulo ta 2 koloko ndi mpungawo. Ndiye pali mawu otchuka aja, tsuyudaku, kupempha msuzi wochuluka. Salipiritsa, n'chifukwa chake ambiri amapempha. Koma mpunga wa ku Japan umagwirana, ndipo kugwiranako ndi kumene kumathandiza kuunyamula ndi timitengo todyera. Msuzi ukachuluka njere zimamasukana, pansi pa bakuli pamatsala phala lamchere losagwirika ndi timitengo, ndipo muyenera kutengera bakuli kukamwa kapena kupempha sipuni. Ngati ndi ulendo woyamba, idyani ya msuzi wamba kaye. Amene amadana ndi mpunga wonyowa amapempha tsuyunuki, yochotsa msuzi.

Dzira laliwisi amaligulitsa padera, ndipo limabwera m'kambale kakekake. Liswereni m'kambaleko, dontheza shoyu pang'ono, takasani ndi timitengo mpaka choyera chisiye kutamuka, kenako pangani kadzenje pakati pa nyama n'kuthira. Mukaliswera pamwamba osatakasa, choyera chimatsetsereka n'kukakhala pambali ngati mamina, ndipo chimaziziritsa mbale yonse. Ku Japan tsiku limene amalemba pa mazira limawerengeredwa poganiza kuti munthu adya dziralo laliwisi, komabe m'miyezi yotentha makampaniwa salola dzira laliwisi kunyamulidwa. Amene mtima sulola apemphe lophika theka, hanjuku tamago. Pa kauntala pamakhalanso kabokosi ka beni shoga, jinja wofiira psuu woviika mu viniga, ndi kabotolo ka shichimi, tsabola wosakaniza ndi zonunkhiritsa zina zisanu ndi chimodzi. Jinjayo ntchito yake ndi kudula mafuta pakamwa. Kutapa kamodzi kapena kawiri ndi kapanira kake n'kokwanira. Ena amaunjika mpaka nyama osaoneka, ndiye kuti akudya viniga.

Chodabwitsa ndi chakuti gyudon imakoma kwambiri nthawi ya chipwirikiti yomweyo. Poto amathiramo nyama yatsopano pafupipafupi, choncho imatuluka yofewa, anyezi akadali ndi kakhirichi. Nthawi imene sitolo ili zii nyama imakhalitsa mumsuzi, imada, imalowa mchere ndipo imayamba kuuma. Vuto lenileni la mbale imeneyi ndi lakuti masamba mulibe, kupatula anyezi. Seti ya saladi ndi supu imakonza zimenezi koma imakutulutsani pa khobidi limodzi lija. Ya kunyamula ndi yotsika: chivindikiro chimatsekera nthunzi, mpunga umamwa msuzi wonse, ndipo pofika ku ofesi mafuta ayamba kugwirana. Ngati amalola kuika nyama ndi mpunga m'zotengera zosiyana, pemphani zimenezo.

Pa udon, ma noodles onenepa oyera a ufa wa tirigu, malo oyenera kuyambira ndi Marugame Seimen. Inatsegulidwa mu 2000 ku Kakogawa m'chigawo cha Hyogo, ndipo nthambi iliyonse imakanda ndi kudula udon yake pomwepo, makina ake ndi mphika wake waukulu zili poonekera. Hanamaru Udon, imene inayamba chaka chomwecho ku Takamatsu, imatumikira makasitomala mofanana. Kuno kulibe makina a matikiti, mumayenda ndi mzere. Tengani thireyi ndi kambale kakang'ono, nenani mtundu wa udon, saizi, ndiponso ngati mukufuna yotentha kapena yozizira. Landirani bakuli, sunthirani kutsogolo, tolani tempura (zoviika mu ufa n'kuzikazinga) ndi kapanira, lipirani kumapeto. Kupitirira polipirira pali tebulo la zaulere: anyezi wamasamba, jinja wopala, ndi tenkasu, tinyenyeswa ta ufa wokazinga.

Mitundu yake imasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, kutsuka. Udon yonenepa imatenga mphindi zoposa khumi kuti ipse, ndipo ikapsa ambiri amaitsuka m'madzi ozizira kuti ichoke unyololo ndi kulimba. Yotchedwa kake ndi yotsuka n'kuitenthetsanso mu supu yochuluka. Bukkake ndi yotsuka yothira msuzi wochepa koma wamphamvu, ndipo yozizira yake ndi imene imaonetsa bwino kutafunika kwa udon. Kamaage satsuka: amaivuula mumphika n'kuiika m'kachidebe kamatabwa ndi madzi ake otentha, inu n'kumaviika mu msuzi wa padera. Ndi yofewa kunja, yonunkhira tirigu, komanso ndi imene siyembekeza munthu. Imapitiriza kupsa m'madzi ake, moti mukayankha foni mukaipeza yatupa. Nthawi zina amakuuzani kuti mudikire mphindi zingapo mphika ufike. Dikirani, ndiye kuti mulandira yongopsa kumene. Pa 1 mwezi uliwonse Marugame imagulitsa kamaage pa theka la mtengo m'nthambi zambiri, ndipo tsiku limenelo mzere wake si wa munthu wa ola limodzi.

Msampha wa malo amenewa ndi tempura. Bakuli lenilenilo ndi ma yen 400 ndi kanthu, koma mukudutsa pa thireyi zodzaza ndi njala ya masana, chidutswa chilichonse chikuoneka chotchipa. Nkhuku imodzi, mbatata imodzi, kampunga kokulunga kamodzi, pofika polipirira mtengo wawirikiza. Chidutswa chimodzi chikukwana. Kakiage, mpira wa anyezi ndi karoti zokazingira pamodzi, ndi yaikulu ndipo imamwa mafuta ambiri, choncho mukaitenga musathirenso tenkasu. Tempura ikhale pa kambale kake mpaka nthawi yoidya. Mukaiponya mu supu poyamba, chikopa chake chimalefuka n'kuvuka, supu n'kudzaza mafuta. Tolani imene yangotuluka mu mafuta, imaoneka ndi nthunzi ndipo nthawi zambiri imakhala chakumbuyo kwa thireyi.

Soba, ma noodles a ufa wa mbewu ya buckwheat, yodyera choimirira m'masiteshoni a sitima ndi m'makona a misewu, ndi ya tsiku limene mwatsala ndi mphindi khumi. Mayina odziwika ku Tokyo ndi Fuji Soba, Komoro Soba ndi Yude Taro, ndipo masiku ano nthambi zambiri zili ndi timipando. Tikiti imodzi nthawi zambiri imagwira pa soba ndi udon pomwe, choncho popereka muyenera kunena nokha, "soba" kapena "udon". Mukangokhala chete wophika afunsa mothamanga, ndipo mlendo amangogwedeza mutu n'kulandira chimene sanafune. Soba ndi yopyapyala, imafewa msanga kuposa udon, ndiye ikhale yatha pasanathe mphindi zisanu. Kufyonthola mokweza si mwano kuno, kumaziziritsa ma noodles polowa mkamwa. Supu ya ku Tokyo ndi yakuda, ya shoyu wamphamvu ndi nsomba youma ya katsuo, pamene ya ku Osaka ndi yowala. Musanyengedwe ndi mtundu, shoyu wowalayo ali ndi mchere wochuluka kuposa wakudayo. Kulikonse, supu si yomaliza yonse ngati mumasamala za mchere.

Koma kwa munthu amene adya kunja masiku asanu pa sabata, ndalama yake imagwira bwino ntchito pa teishoku. Imeneyi ndi thireyi ya dongosolo lokhazikika: mpunga kumanzere, supu ya miso kumanja, ndiwo yaikulu kumbuyo, ndi kambale ka masamba oviika mu mchere kapena tofu (chakudya choyera chofewa cha soya) pambali. Ndi pokhapa pamene nsomba ndi masamba zimapezeka pa mtengo wa nkhomaliro, ndipo ndiwo ikhoza kusintha tsiku lililonse osatopa nayo.

Yayoiken ndiyo yosavuta kwa woyamba. Thireyi zake zambiri zimazungulira ma yen 1,000, zina kutsikirapo, ndipo mpunga ndi wowonjezera mwaulere. M'nthambi zambiri muli makina a mpunga: mumaika bakuli lanu pansi pake, kudina kuchuluka kumene mukufuna, mpunga n'kugwa wotentha. Zoyenera kuyesa ndi saba no shioyaki, nsomba yamafuta ya m'nyanja yowotcha ndi mchere, imene imabwera ndi daikon, muzu woyera wa mtundu wa radish, wopala pambali. Donthezani shoyu pa daikon, osati pa nsomba, chifukwa nsombayo ili kale ndi mchere. Ina ndi shogayaki, nkhumba yokazinga ndi jinja. Ndiwo za kuno amazikoleza mchere dala kuti ziyende ndi mpunga wambiri, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa magawidwe: amamaliza ndiwo ndi bakuli loyamba, kenako amakatenga lachiwiri chifukwa n'laulere, n'kutsala ndi mpunga wopanda chodyera. Kadyedwe ka teishoku ndi kozungulira, kandiwo, kampunga, kasupu, n'kubwereranso, kuti zonse zithere limodzi. Yayoiken imaperekanso dashi, supu yowala ya nsomba, yoti muthire pa mpunga womaliza ndi kachidutswa ka nsomba kotsala. Imeneyo ndiyo njira yabwino yotsekera.

Ootoya, imene inayamba ku Ikebukuro mu 1958, ndi yokwererapo mtengo ndipo ndi yodekha. Masamba ake ndi ochuluka, mpunga mukhoza kusankha wosakaniza ndi mbewu zina, ndipo mbale yake yotchuka ndi nkhuku yokazinga ndi mabiringano, karoti ndi mizu ya renkon (duwa la m'madzi) mu msuzi wa viniga wakuda. Amaphika mukaitanitsa, choncho imachedwa kuposa malo ena onse amene tatchula. Mukalowa pa 12:20 n'kupeza mzere, ola lanu silikwana. Ndi ya tsiku limene mwatuluka msanga.

Kuposa makampani onsewa, pali timalo tating'ono ta mabanja, m'tinjira ta kuseri kwa maofesi ndi m'zipinda zapansi pa nyumba zosanja. Tambiri usiku timakhala malo omwera, masana n'kumagulitsa nkhomaliro kuti khitchini isagone. Pakhomo pamakhala kabolodi kolembedwa pamanja, ndipo mawu oyenera kuwadziwa ndi higawari, ndiwo ya lero. Imeneyo ndiyo yotchipa, yofulumira chifukwa anaikonzeratu yambiri, ndiponso yoyamba kutha. Timalo timeneti kawirikawiri timafuna ndalama yapamanja, timatseka nkhomaliro cha m'ma 2 koloko, ndipo akhoza kukukhazikani patebulo limodzi ndi munthu wosamudziwa. Sipafunika kucheza naye. Kugwedeza mutu pokhala pansi n'kokwanira.

Zokazinga m'mafuta ambiri sitichedwapo. Tenya imagulitsa tendon, tempura pamwamba pa mpunga ndi msuzi wotsekemera, pamodzi ndi supu ya miso. Katsuya ndi ya nkhumba yokazinga mu nyenyeswa za buledi. CoCo Ichibanya ndi ya mpunga wa msuzi wa kari (curry), kumene mpunga wamba ndi magalamu 300 ndipo mumasankha nokha ukali wa tsabola, koma zothira pamwamba zimakweza mtengo msanga. Zonsezi zimakhutitsa, ndipo zonsezi zimalemera m'mimba ngati masana muli ndi msonkhano.

Amene ali ndi zakudya zosala asadalire maso okha. Supu ya tonjiru, imene imalowa m'malo mwa miso wamba mu seti zambiri, ndi ya nkhumba, ndipo kari wa m'malo ambiri amakhala ndi nkhumba ngakhale mulibe nthuli yooneka. Misuzi yambiri imakhala ndi vinyo wa mpunga, mirin kapena sake. Supu ya udon, ya soba ndi ya miso pafupifupi yonse maziko ake ndi nsomba, choncho bakuli la masamba okhaokha si la munthu wosala nsomba. Shoyu ali ndi tirigu. Ndipo amene thupi lawo limadana ndi soba apewe ngakhale udon ya m'malo oimirira aja, chifukwa zonse ziwiri amaziviika m'madzi amodzi. Makampani akuluakulu amalemba zimenezi pa mawebusaiti awo, timalo tating'ono ayi.

Nthawi yabwino yolowa ndi 11:30, kapena 1 koloko itadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu, pamene mipando yapepuka koma mapoto akadali atsopano. Pa kauntala chikwama chipite pa kambedza ka pansi pa tebulo kapena m'dengu la pansi pa mpando, osati pa mpando woyandikana nawo. Timitengo musatizike choimika mu mpunga, chifukwa ku Japan amachita zimenezo pa maliro. Mukamaliza musakhalitse ndi foni pamene ena aima. Ku Marugame, m'malo a soba ndi m'nthambi zodzitumikira, thireyi mumabweza nokha pa kawindo kolembedwa henkyakuguchi, pamene ku Ootoya ndi m'timalo ta mabanja mumaisiya patebulo, kutenga kapepala ka bilu n'kukalipira pafupi ndi khomo. Potuluka nenani "gochisosama deshita" molunjika kukhitchini.